Mwana ali sitandade 7 koma wayamba kale kulota za Chanco, ndiyambire pati?

Kalipentala_wa_pa_Chinamwali

Abale moni nonse. Ndili ndi kankhani kakundisowetsa tulo nde ndati ndifunse kuno poti muli aphunzitsi komanso ena amene munadutsamo kale. Ine ndimakhoma mipando pa Chinamwali, sukulu ndinalekezera fomu 2, ndipo pano ndikusunga mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 12, ali sitandade 7. Bambo ake anatisiya, mayi ake ali kumudzi kwa Jali akulima, nde mukudziwa kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, malume sathawa.

Tsiku lina ndinali ndi oda ya matebulo awiri kwa kasitomala wina ku Chikanda, ndinamutenga mwanayu kuti azigwirizira katundu pa kagalimoto kamene ndinachita hayala. Pobwerera tinadzera ku Chirunga, pa yunivesite ya Chanco, osadziwa kuti kuli graduation, kunja kwa Great Hall anthu ali pikitipikiti, ojambula zithunzi akulimbirana makasitomala, nthungululu, agogo ena atavala chitenje chatsopano chosachapa nkomwe akuvina pamsewu penipeni ndi mdzukulu wawo wovala mkanjo wakuda uja ndi kachipewa ka ngodya zinayi. Mwanayu anangoti kakasi. Kenako akuti ankolo, ameneyu waphunzira zaka zingati? Ndinamuwerengera, 8 ku pulayimale, 4 ku sekondale, 4 kunoko. Iye anawerenga zala nkuti nde ine zanditsalira 9 ndi hafu kkkk. Chichokereni tsiku limenelo nkhani ndi yomweyo, akuti akufuna adzakhale dokotala ndipo adzavale mkanjo uja.

Ine mumtima ndinakondwa koma mantha anandigwiranso chifukwa njira yake sindikuidziwa. Amati m'mera mpoyamba, nde funso langa ndi lakuti panopa, asanalowe ndi fomu 1 yomwe, pali chimene ndingamachite? Mkalasi amakhala nambala 4 pena 6, koma kalasi yake ndi ya ana oposa 90 nde kaya nambala imeneyo ikutanthauza chani. Anzanga ena akuti ndimuyambitse part time, ena akuti akadzapanda kusankhidwira ku boarding adzabwereze sitandade 8 mpaka zitheke, ena akuti ndiyambe kusunga ndalama. Thumba langa ndi la misomali ndi guluu, zonse nthawi imodzi sindingakwanitse. Chofunika kwambiri ndi chiti?

Madam_wa_ku_Domasi

Achimwene mwachita bwino kufunsa lero. Ambiri amatipeza mwana ali fomu 4 teremu yachiwiri, akuti madam muthandizeni akufuna udokotala, chonsecho Chemistry anaisiya polowa fomu 3 chifukwa choti mnzake wapamtima anaisiyanso. Pamenepo olo titachezera kupemphera palibe chingasinthe.

Ndiyambire kumapeto tizibwerera mmbuyo kuti muone pamene mwanayo waima. Mayunivesite a boma alipo 6, UNIMA yathu ya ku Chirunga, KUHeS, MUBAS imene tinkati Poly, LUANAR ya ku Bunda, MUST ya ku Thyolo ndi Mzuni, ndipo kusankha kwake kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, mwana amalemba mapulogalamu amene akufuna pa fomu imodzi. Kuti angololedwa kupikisana nawo pamafunika ma credit 6 pa MSCE ndipo Chingerezi chikhale mommo. Magiredi a MSCE amayenda 1 mpaka 9, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 walephera. Amaphatikiza maphunziro 6 amene wakhoza bwino, nde wanzeru zoopsa amapeza mapointi 6, pamene amene wangokwanitsa ma 6 okhaokha ali ndi 36. Wa 36 uja papepala ndi woyenera koma malo ndi ochepa, amayamba kutenga a mapointi otsika. Komanso pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana, ukhoza kukhala ndi 1 mu Bible Knowledge ndi Chichewa koma ngati Masamu uli ndi 7 za udokotala kapena uinjiniya iwalako.

China muuzeni mwanayo mwachikondi, udokotala sakaphunzira ku Chirunga kumene anaona mikanjo kuja. Kuyambira 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaziphatikiza kukhala KUHeS, yoima payokha, ndipo a udokotala amakhala ku Blantyre. Zaka zakenso si 4, awonjezere zala zina kkk. Kumeneko amafuna Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi zonse zili bwino kwambiri.

Nde taonani unyolo wake. Kuti adzakhoze masayansi amenewo pa MSCE ayenera kuwatenga polowa fomu 3, kuti awatenge ayenera kuti fomu 1 ndi 2 sanawaope, ndipo kuti asawaope zimathandiza akakhala pa sukulu yoti ili ndi labu ndi mphunzitsi wake. Sukulu imeneyo amasankhidwirako potengera mayeso a PSLCE a sitandade 8, okhoza kwambiri amapita ku ma national, ena ku ma boarding a m'boma muno, ena ku sukulu zoyendera, ambiri ku ma CDSS. Ndiye inde, chaka ndi hafu chikubwerachi ndi chofunika.

Koma mukandifunsa chinthu chimodzi, ine ndingati Chingerezi. Osati cholankhula mokometsera ngati wa pa wailesi ayi, chomva. Ku sekondale pepala lina lililonse kupatula la Chichewa funso limabwera mu Chingerezi, ndipo ndakhala ndikuchonga ana amene Biology amaidziwa ndithu ukawafunsa pakamwa mu Chichewa, koma papepala funso likuti fotokoza kusiyana iwo akulemba kufanana, chifukwa liwu limodzi lawaphonya. Ana athu ambiri a pulayimale amaloweza manotsi ngati nyimbo ya kwaya, nkumakhala nambala 3, aliyense nkumasangalala, akafika fomu 1 mabuku akula, kuloweza kwakanika, mwana uja mwadzidzidzi wasanduka mbuli. Si umbuli, sanaphunzitsidwe kumva chimene akuwerenga.

Muyeseni madzulo ano. Pezani nyuzipepala ya Chingerezi olo yakale ya kukulungira zinthu, awerenge ndime imodzi mokweza, muitenge muipinde, nde akufotokozereni mu Chichewa kuti nkhaniyo ikuti chani. Simukusowa kudziwa Chingerezi chambiri inuyo, mudzaona nokha ngati akufotokoza nkhani yomveka kapena akungotola mawu apa ndi apo.

Masamu ndiye muli ndi mwayi woposa makolo ambiri, muli ndi tepi. Loweruka muzimupatsa tepiyo, thabwa ili ndi mamita 3, ndikufuna miyendo ya masentimita 45, itulukamo ingati, chotsala ndi chotalika bwanji. Kasitomala wapereka hafu ya mtengo, matabwa adya zakuti, vanishi zakuti, phindu ndi peresenti yanji. Ma fraction, ma decimal ndi ma peresenti ndi pamene ana ambiri amathyokera mwendo, ndipo amafika nawo fomu 4 akutsimphina. Part time siyoipa koma yambiri imene ndimaiona ndi kukopera manotsi omwewo kachiwiri pakhonde la munthu, ana 40, nde musanalipire kaoneni kaye chimene akuchita kumeneko.

Aise_wa_Mpondabwino

Kkkk akulu mwana wa zaka 12 musiyeni asewere fulaye. Ife tili ndi ma digiri mu sutikesi, ena akuyendetsa njinga zamoto pa depoti pompa, muwafunse. Ine ndikanakhala inu ndikanamuphunzitsa kugwira randa ndi sowo, akadzamaliza fomu 4 apite ku Nasawa Technical akatenge pepala la TEVETA, ndalama azidzaiona msanga kusiyana ndi ife ovala mikanjo. Udokotala mwana aliyense amanena, ine ndinkati ndidzakhala payiloti.

Mtsikana_wa_Chingale

A Mpondabwino mwandiseketsa koma musamuphere maloto mwana, fulaye asewera ndithu koma nyuzipepala awerenganso, sizilimbana. Za ntchito kusowa nzoona sindikutsutsani, koma olo ku Nasawa komweko masamu a tepi amene anena madamwa akawafuna.

Ankolo, ine ndili chaka chachitatu pa Chanco pompa ndipo ndikufuna ndiyankhe za kubwereza zija chifukwa zinandikhudza. Ine sindinasankhidwire ku national kapena boarding iliyonse, dzina langa linatuluka pa CDSS ina kwathu kuseri kwa phiri uko, ndinalira sabata yathunthu chifukwa mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi anapita ku St Mary's. Bambo anga ankafuna ndibwereze, mayi anakana, anati mtsikana akamakulira mu sitandade 8 mawa tidzamva zina. Ndipo ndikaona anzanga amene anabwereza kawiri katatu, ena anapitadi ku boarding, koma ena anatopa, anayamba kuchita manyazi kukhala kalasi imodzi ndi azing'ono awo, nkusiya. Nde ngati adzaphonye pang'ono ndipo iye mwini akufuna, kamodzi mwina, koma zoti mpaka zitheke ayi.

Sindikunamizani kuti ku CDSS kunali kophweka. Labu tinalibe, maikulosikopu ndinaigwira koyamba tili fomu 4 pamene aphunzitsi anatiyendetsa wapansi kupita pa sukulu ina kukabwereka, tinali ana 50 pa makina awiri, aliyense kusuzumira masekondi angapo kachikhungu ka anyezi nkupatsa mnzake. Buku la Physics linali limodzi, tinkagona nalo mosinthana, Lachiwiri linali tsiku langa. Chinatipulumutsa ndi kagulu ka anthu 5 kamene tinkakumana pansi pa mtengo wa mango tikaweruka, ndi mapepala akale a MANEB amene tinkayankha mobwerezabwereza mpaka kudziwa kafunsidwe kawo. Mwa 5 tonse awiri tinalowa yunivesite, wina ali ku Domasi College akuphunzira uphunzitsi. Ineyo ndinkafuna unesi, mapointi a masayansi sanafike, ndikuchita zina ndipo ndazikonda. Nde mwanayo mumuuze za udokotala koma azidziwanso kuti zachipatala nzambiri, kuli unesi, uzamba, za mankhwala, za mu labu, ndipo makoleji ake ena ali konkuno, College of Health Sciences ili ndi kampasi mu Zomba muno, St Luke's ili ku Malosa.

Tsopano zinthu ziwiri zimene palibe anandiuza. Choyamba dzina. Chaka chamawa akamalembetsa mayeso a sitandade 8 pitani nokha mukaone mmene dzina lake ndi tsiku lobadwa zalembedwera, ndipo zikhale chimodzimodzi pa JCE, pa MSCE ndi pa chitupa cha unzika chimene adzatenge akakwana zaka 16. Kwathu kuno mwana woleredwa ndi amalume pena amalembedwa dzina la bambo, pena la amalume, pena la agogo. Ine kwathu anandilembetsa ndi dzina la agogo ku pulayimale, ku sekondale ndinayamba kulemba la bambo, nde pofunsira malo ndi ngongole ndinayenda maulendo osawerengeka ndi makalata a amfumu kutsimikiza kuti anthu awiriwo ndi ine ndemwe. Mwayi wake MANEB likulu lake lili mu Zomba momwe muno, koma bola kupewa.

Chachiwiri kompyuta. Asayimenti yanga yoyamba ya masamba atatu ndinatayipa maola 6 ndi chala chimodzi, anzanga ochokera ku ma private akundiyang'ana. Simukusowa kumugulira laputopu, olo kumupatsa foni yanu kanthawi kochepa inu muli pompo kuti afufuze tanthauzo la liwu kapena alembe kandime, zimachotsa mantha.

Nachisale_wa_Matawale

Bambo inu, ine ndaphunzitsa ana atatu ndi geni ya nsomba za ku Kachulu nde ndilankhulepo za ndalama poti ena akuzilambalala. Kuyamba kusunga lero nkwabwino koma musasunge makwacha mu chitini kapena kungowasiya pa foni zaka 6. Munaona nokha, mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, ine ndalama imene ndinkati ndi ya chaka chonse cha mwana wanga wachiwiri inangokwana matiresi, sutikesi ndi teremu imodzi. Poti mayi ake ali kwa Jali, gulani mbuzi ziwiri zazikazi zikakhale kumeneko ndipo aliyense pamudzipo adziwe kuti mbuzizi ndi za sukulu ya mwana, si za maliro, si za chinkhoswe, si za Khirisimasi. Zikamaswana pofika fomu 1 muli ndi pogwira. Banki nkhonde nayonso imathandiza ngati gulu lake ndi la anthu odziwana, ine ndimaikonda chifukwa timagawana mu December, fizi ya teremu yachiwiri imakhala yapezeka.

Ndipo musamangoganiza za fizi yokha. Mwana akasankhidwa ku boarding pamafunika yunifomu, nsapato, bulangeti, ndowa, sopo, thiransipoti, kandalama ka mthumba, zimenezi ndi zimene zimagwetsa anthu sabata yotsegulira. Ku yunivesite kuli ngongole ya boma ya Loans Board inde koma si aliyense amaipeza, ndipo ndi ngongole, adzabweza akadzayamba ntchito. Ana ambiri malo ogona pa kampasi sawapeza nde amachita lendi ku Chikanda komwe munapititsa matebulo kuja, kudya kugula okha. Inu mwayi wanu akadzakhala pa Chanco azidzachokera pakhomo, koma akadzapita ku Blantyre konzekani. Mukafunsenso kwa ahedi za mabasale, kuli mabungwe ngati CAMFED amene amathandiza atsikana ovutika ku sekondale, mwana wamasiye ngati ameneyo dzina lake lizidziwika msanga.

Koma chimene ndalembera kwenikweni ndi ichi, ndipo mundikhululukire. Mwana wa mlongo akakhala pakhomo pa amalume kawirikawiri ndi amene amasanduka wantchito. Kutunga madzi iye, kuphika iye, kulera ana anu iye, mbale iye, akamati akhale pansi atsegule buku ndi 9 koloko usiku maso akulemera, magetsinso azima. Sindikunena kuti kwanu zili choncho koma khalani pansi ndi akazi anu mugwirizane kuti ola lakuti mpaka lakuti mwanayu satumidwa, ndipo kagetsi ka sola kamodzi kakhale kake. Zaka 12 ndi msinkhu wovutanso, pali zina zimene kwa inu amalume sanganene, akufunika munthu wamkazi womasuka naye, ndi zofunika pa masiku ake a kumwezi zizipezeka osachita kupempha, atsikana ambiri amajomba masiku atatu anayi mwezi uliwonse pa nkhani imeneyi yokha. Ndipo akadzasankhidwa kutali chonde za self boarding, kamtsikana ka fomu 1 kukhala kokha mu kanyumba ka lendi pa trading, muziganize kawiri. Ndaona zambiri.

Kalipentala_wa_pa_Chinamwali

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Mayi Nachisale mwandilasa, sindikana, mwanayu ndi amene amadzuka 5 koloko kukoleza moto, ndakambirana ndi mayi akunyumba dzulo ndipo poyamba sizinawakomere koma tamvana kuti mwana wanga wamwamuna wamkulu wa zaka 10 naye ayambe kutsuka mbale, sanabadwe ndi manja a galasi.

Madam mayeso anu aja ndamuyesa. Ndinatenga nyuzipepala imene ndimayala popaka vanishi, nkhani yake inali ya mitengo ya chimanga. Kuwerenga ndiye anawerenga bwino zedi, osakakamira, mpaka ine kunyada. Nditapinda nkumufunsa kuti akuti chani, anangoti akunena za chimanga ndi boma, basi, kenako kuyang'ana pansi. Ndinamufunsa chimanga chakwera kapena chatsika, sanadziwe. Nde mwanena zoona, ntchito ilipo. Koma pa tepi ndiye wandidabwitsa, thabwa la mamita 3 lija anati miyendo 6 kutsala masentimita 30, nkundifunsanso kuti nanga pamene sowo imadya sitikuwerengera? Ameneyu a Mpondabwino mwina adzanditengeradi shopu kkkk.

Tsopano mabuku oti aziwerenga ndiwapeza kuti otchipa? Kunyumba kuli Baibulo la Chichewa ndi buku la nyimbo basi.

Madam_wa_ku_Domasi

Musadandaule, ambiri amayambira pomwepo, ndipo musamukalipire, angayambe kudana nako kuwerengako. Ndime imodzi patsiku, mawu atatu achilendo alembe mu kakope kake ndi tanthauzo lake, Loweruka muzimufunsa. Poti Baibulo la Chichewa lilipo pezani la Chingerezi chosavuta, awerenge nkhani imene akuidziwa kale ngati ya Yosefe uku ndi uku, zimathandiza modabwitsa. Nkhani za pa wailesi amvere za Chingerezi kenako za Chichewa aone zimene anaphonya. Mabuku a nthano akale amapezeka kwa ogulitsa pansi mtauni, mtengo wake nkukambirana, koma kadikishonale kakang'ono ndiye gulani ndithu olo katakhala kong'ambika chikuto. Afunsenso aphunzitsi ake ngati pasukulupo pali mabuku obwereketsa, nthawi zina amakhala atatsekeredwa mu kabati mwa ahedi chifukwa palibe amawafunsa.

Mtsikana_wa_Chingale

Ankolo ine ndili ndi mabuku anayi a nthano amene ndinkawerenga ndili fomu 1 ndi dikishonale imene ndinapatsidwa nditakhoza JCE, masamba a zilembo za A anathothoka koma kuyambira B ili bwinobwino. Loweruka ndikupita ku Songani kukagula tomato nde nditsika pa Chinamwali, mundilembere ku inbox kuti shopu yanu ili mbali iti ya msewu. Mwanayo akhalepo, ndikufuna ndimufunse ndekha za chimanga chija.